Mtengo uli pabwalo panu, koma ku England simungangoudula

Munthu akagula nyumba ku England, kaya ku Leicester, ku Manchester kapena ku London, mitengo yonse ya pamalopo imakhala yake. Komabe pali mitengo ina imene mwini wake saloledwa kuigwetsa, kapena kusadza nthambi zake kumene, asanauze khonsolo ya dera lake. Wakwathu amene wakhazikika kumeneko akhoza kuona ngati boma likulowerera za pakhomo pa eni. Ine ndikuona kuti lamuloli ndi loyenera, pa chifukwa chimodzi chachikulu: mtengo wa oak umene wakula kwa zaka 100 umagwa m'mawa umodzi, ndipo ukagwa palibe khoti limene lingaudzutse. Pamene cholakwa sichingakonzeke, ndi bwino kuti funso lifunsidwe macheka asanalire.

Chitetezo chachikulu ndi chikalata chotchedwa Tree Preservation Order, chimene anthu amangoti TPO. Mphamvu yopereka chikalatachi inalembedwa mu Town and Country Planning Act ya 1947, ndipo lero ili mu lamulo la dzina lomwelo la 1990 ndi ndondomeko za 2012. Khonsolo ikaona kuti mtengo wina, gulu la mitengo kapena kankhalango kakupindulitsa anthu a m'deralo, imaika TPO, ndipo kuyambira pamenepo kudula, kuzula, kusadza kapena kuwononga mizu mwadala popanda chilolezo ndi mlandu. Mwini akafuna kuchitapo kanthu amalemba fomu, kuonetsa pa mapu pomwe mtengowo uli, n'kufotokoza ntchito yake ndi zifukwa. Salipira kalikonse. Khonsolo ili ndi masabata 8 oti iyankhe, ndipo ikakana, mwini ali ndi masiku 28 okachita apilo ku Planning Inspectorate. Chitetezo china chili m'madera amene amasungidwa chifukwa cha mbiri ndi kamangidwe kake, otchedwa conservation area. Kumeneko mtengo ngakhale ulibe TPO, mwini ayenera kudziwitsa khonsolo masabata 6 asanaukhudze, ngati thunthu lake, mukaliyeza pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, lapitirira mamilimita 75 m'mimba mwake. Kumeneko ndi kunenepa kwa kachitini ka nyemba ka m'sitolo basi, kotero ngakhale mitengo yaing'ono ndithu imakhudzidwa. Masabatawo akatha khonsolo isanaike TPO, mwini ali ndi ufulu wopitiriza.

Wotsutsa adzati: malo ndinagula ndi ndalama zanga, nanga khonsolo ikufunapo chiyani? Funsoli ndi lomveka, koma likuiwala kuti ubwino wa mtengo waukulu suthera pa mpanda. Mthunzi wake umafika mumsewu, mizu yake imamwa madzi a mvula amene akanadzaza ngalande, ndipo umakongoletsa msewu wonse, zimene oyandikana nawo anaziwerengera pogula nyumba zawo. Amene anaudzala anamwalira kalekale, ndipo nyumbayo idzasintha manja kangapo mtengo ukadalipo. Komanso lamuloli silikhudza mtengo uliwonse. Mitengo yambiri ya m'mabwalo a nyumba ilibe TPO ndipo ili kunja kwa madera osungidwa aja, moti mwini amadula osapempha kwa aliyense. Khonsolo ikaika TPO yatsopano imadziwitsa mwini, kumupatsa masiku osachepera 28 oti atsutse, ndipo ikapanda kuitsimikiza m'miyezi 6 chikalatacho chimatha mphamvu. TPO imalembedwanso m'kaundula wa malo, kotero loya wofufuza nyumba musanagule amaipeza.

Nkhawa ya ngozi ndi yolemera kuposa pamenepa, ndipo lamulo silinainyalanyaze. Mtengo ukauma, mwini amalembera khonsolo masiku 5 a ntchito asanaudule. Ukakhala kuti ukhoza kuvulaza anthu nthawi yomweyo, monga nthambi yothyoka ndi mphepo ikulendewera pamwamba pa njira, amachotsa choopsacho msanga n'kudziwitsa khonsolo pambuyo pake. Wanzeru amajambula zithunzi asanadule, popeza akadzafunsidwa, udindo woonetsa kuti ngozi inalipo ndi wake. Vuto lovuta kwambiri ndi la dothi. Mbali yaikulu ya London yakhala pa dothi la makande, limene limafota m'chilimwe mizu ikayamwa madzi, maziko n'kutsika, khoma n'kuyamba ming'alu yopendekera pafupi ndi zitseko ndi mawindo. Apa khonsolo imafuna umboni wa akatswiri, osati mawu okha, ndipo kusonkhanitsa umboniwo kumatenga miyezi, mwini akuyang'ana mng'alu tsiku ndi tsiku. Kudikira kumeneku n'kowawa, sitingabise. Koma khoma limang'aluka pa zifukwa zambiri, kuphatikizapo mapaipi otayikira pansi, ndipo kugwetsa mtengo wosalakwa sikutseka mng'alu. Khonsolo ikakana chilolezo nyumba n'kuwonongeka chifukwa cha kukanako, mwini akhoza kupempha chipukuta misozi m'miyezi 12, malinga chiwonongekocho chisachepere mapaundi 500.

Pamene otsutsa ali ndi mfundo imene sindingaikankhire pambali ndi pa ndalama zosamalira. Mtengo umatetezedwa kuti upindulitse onse, koma wolipira akatswiri oudulira ndi mwini yekha, ndipo wotetezedwa ukauma n'kuchotsedwa, ndi iye amene ayenera kudzala wina pamalo pomwepo. Kwa nkhalamba yodalira penshoni, mtolo umenewu si wopepuka, ndipo kukanakhala chilungamo makhonsolo akanamathandizapo. Koma yankho la vutoli ndi thandizo, osati kudula mobisa. Wowononga mtengo wotetezedwa amatengeredwa kukhoti, pa milandu yaikulu chindapusa chilibe malire, ndipo woweruza amawerengera phindu limene munthuyo wapeza, monga kukwera mtengo kwa nyumba itatseguka kuonekera kunyanja kapena malo atapezeka omangapo ina. Waganyu wogwira macheka naye akhoza kuimbidwa mlandu pamodzi ndi amene wamutuma, ndipo kunena kuti sindimadziwa za TPO sikupulumutsa munthu. N'chifukwa chake wodula mitengo wodziwa ntchito yake, asanatchule mtengo wa ganyu, amayamba wafunsa ku ofesi ya mapulani ya khonsolo ngati mtengowo uli m'kaundula.