Ozoni mu Umuna wa Hatchi: Kupha Tizilombo Osapha Mbewu

Hatchi yaimuna yotchuka pa mpikisano wolumpha mipanda imatha kukhala ndi ana m'mayiko amene sinapondeko n'komwe. Umene umayenda ndi umuna wake. Njirayi mwina munaiphunzira kale pa Agriculture, pa nkhani ya ng'ombe za mkaka: amatenga umuna wa yaimuna n'kukauika m'chiberekero cha yaikazi pogwiritsa ntchito chipangizo. Pa hatchi, umunawo amausungunula m'madzi amene nthawi zambiri amakhala a mkaka ndi shuga, n'kuuziziritsa pang'onopang'ono mpaka madigiri 5, kenako n'kuutumiza. Ukatero umakhala ndi mphamvu kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Koma umunawo suyenda wokha. Pakhungu la chiwalo cha hatchi yaimuna pamakhala mabakiteriya ambirimbiri, ndipo ngakhale atasamala chotani, ena amagweramo ndithu pa nthawi yotenga umunayo. Mkaka ndi shuga zija, zimene cholinga chake n'kudyetsa ndi kuteteza mbewu za umuna, kwa mabakiteriya ndi phwando. Ambiri mwa iwo alibe vuto lenileni. Ena, monga Klebsiella pneumoniae ndi Pseudomonas aeruginosa, amatha kutupitsa chiberekero mpaka hatchi yaikazi n'kulephera kutenga bere. Woopsa kwambiri ndi Taylorella equigenitalis, amene matenda ake anadziwika koyamba mu 1977 ku Newmarket, ku England. Yaimuna imanyamula kachilomboka koma siidwala ayi, imangopatsira zinzake. Ndiye poti bere la hatchi limatenga pafupifupi miyezi 11, ndipo hatchi zimakweredwa pa nyengo yake, yaikazi ikaphonya nyengoyo mwini wake wataya chaka chathunthu.

Kwa zaka zambiri yankho lakhala kuthira maantibayotiki, monga penicillin, gentamicin kapena amikacin, m'madzi osungira umuna aja. Amathandiza, inde. Chovuta n'chakuti amathiridwa nthawi zonse, kaya muli kachilombo koopsa kaya mulibe. Akalowa m'thupi la yaikazi amakumana ndi mabakiteriya a m'menemo, ndipo madzi ena amabwerera n'kutayikira pansi m'khola. Mabakiteriya amene apulumuka ndi aja osamva mankhwala, ndipo ndiwo amaswana. Mankhwala ake ndi omwewonso amene madokotala amadalira pochiza anthu.

Apa m'pamene pakubwerera ozoni. Okosijeni amene timapuma amakhala ndi maatomu awiri, O₂, pomwe ozoni ali ndi atatu, O₃. Anamutcha dzina ndi katswiri wina wa ku Germany, Christian Friedrich Schönbein, cha m'ma 1840, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kununkhiza, chifukwa cha kafungo kake kolasa mphuno kamene kamamveka magetsi akathetheka. Mpaka lero amapangidwa choncho, podutsitsa mphamvu ya magetsi mu okosijeni. Atomu yachitatuyo siikhazikika. Ikangokhudza khungu la bakiteriya imaliwononga mpaka libooke, ndipo ozoni wotsala amabwerera kukhala okosijeni wamba. Palibe mankhwala otsalira oti akatayikire m'khola, komanso n'kovuta kuti bakiteriya azolowere chinthu chimene chikumung'amba mbali zonse nthawi imodzi. Mzinda wa Nice ku France unayamba kuyeretsa madzi akumwa ndi ozoni mu 1906, kotero si zachilendo.

Nanga bwanji osangomuthira mu umunamo n'kuthana nazo? Apa ndiye pagona nkhani. Ozoni sasankha. Khungu la mbewu ya umuna lili ndi mafuta ambiri a mtundu umene suchedwa kuwonongeka ukakumana ndi okosijeni waukali. Ganizirani nsinjiro zikakhalitsa m'chitini: zimayamba kununkha ndi kuwawa chifukwa mafuta ake awonongeka ndi mpweya. Zofanana ndi zimenezi zikachitika pa mbewu ya umuna, mchira wake umafooka, siithanso kusambira, ndipo ngakhale DNA yake ikhoza kuduka. Choipa china, mbewuyi ndi kamutu ndi kamchira basi, ilibe malo osungira zodzitetezera zambiri monga maselo ena a m'thupi. Choncho ozoni akachepa mabakiteriya amapulumuka, akachuluka mbewu zimafera limodzi ndi adani ake.

Ndipo kunena zoona, ubwino uja woti ozoni satsalira uli ndi mbali yake yoipa. M'madzi amatha pasanapite nthawi yaitali, pomwe umuna uli pa ulendo wa masiku awiri. Maantibayotiki amalondera ulendo wonse, koma ozoni amamenya kamodzi n'kuzimirira, ndiye mabakiteriya amene atsala alibenso wowaletsa kupatula kuzizira. Mafuta ndi mapuloteni a mu mkaka uja nawonso amamwa gawo lina la ozoniyo asanafike n'komwe pa bakiteriya. Ogwira ntchitoyo ayeneranso kusamala, chifukwa kupuma ozoni kumapweteka mapapo.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ozoni akadali nkhani ya mu labotale, osati yoti mlimi wa hatchi aidalire mawa lino. Kayesedwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Umuna wa hatchi imodzi amaugawa m'timabotolo: kena osathira kanthu, kena maantibayotiki, tina ozoni wa milingo yosiyanasiyana. Pakapita maola angapo, kenakonso tsiku ndi masiku awiri, amadontheza pang'ono pa timbale tomeretsera mabakiteriya n'kuwerenga timagulu timene tamera. Dontho lina amaliika pa maikulosikopu yolumikizidwa ku kompyuta, imene imawerenga mbewu zimene zikusambira molunjika. Mlingo umene akuufunafuna ndi umene ungachititse kuti kambale kakhale koyera uku mbewu zikusambirabe, ndipo ngakhale utapezeka, pamafunikabe kuona ngati hatchi zaikazi zopatsidwa umunawo zikutengadi bere.