Ndani amadzutsa tambala?

Ana inu a kwa Kaluluma, amene mumadzutsidwa kusanache kuti mukathirire nazale ya fodya kudambo, mawa musathamangire ndowa. Imani kaye pakhomo, mutchere khutu. Phokoso lonse mukulimvalo lili ndi eni ake.

Amene amatsala kuchokera usiku ndi nkhululu. Iyi siimba ndi pakamwa ayi. Yaimuna imakhulanitsa mapiko ake awiri, ili pakhomo pa una wake, kuitana yaikazi. Mvula ikagwa, achule nawo amasokosa kudambo mpaka m'bandakucha. Mukamuona chule akulira, khosi lake limakhala litafufuma ngati chibaluni, ndipo thumba limenelo ndi lomwe limakweza mawu.

Kenako tambala. Kodi iyeyu amadzutsidwa ndi ndani, popeza alibe wotchi? Akatswiri a pa yunivesite ya Nagoya ku Japan anafunanso kudziwa. Anatsekera atambala m'chipinda cha kuwala kochepa kosasintha, usana ndi usiku, kuti asaone kutuluka kwa dzuwa. Atambalawo ankalirabe nthawi yawo ija ikakwana! Zotsatirazi anazilengeza mu 2013: wotchi ya tambala ili m'thupi mwake momwemo. Mu 2015 anapezanso china chosekesa. Atambala akakhala angapo, woyamba kulira ndi yemwe amagonjetsa anzake, ena onse amadikira. Ngakhale nkhuku zimadziwa kuti wamkulu ndiye amayamba kulankhula.

Kum'mawa kukayamba kufiira, zakutchire zimalowa m'bwalo. Nkhwali imakuwa mokalipa m'mphepete mwa munda. Njiwa imabwereza kanyimbo kake komweko osatopa. Pumbwa amalongolola mumtengo wa mango. Koma ine amene amandisangalatsa ndi nthengu, mbalame yakuda ya mchira wa mphanda ija. Ndi kathyali: amatha kutsanzira kulira kwa mbalame zina, moti mukhoza kuganiza kuti mumtengomo muli mbalame zitatu, chonsecho ali yekha.

Nanga bwanji zimakonda kuimba m'mawa? Nthawi imeneyi kukadali chisisira, tizilombo ndi njere sizikuoneka bwino, ndiye kusaka chakudya n'kutaya nthawi. Mphepo nayo imakhala isanayambe, choncho mawu amamveka bwino patali. Zambiri zoimbazo ndi zazimuna. Zikuuza zinzake kuti mtengo uno uli ndi mwini wake, komanso zikukopa zazikazi. Chiwalo chimene zimaimbira chili m'chifuwa, pamene njira ya mpweya imagawikira pawiri kupita ku mapapo.

Ku nkhalango yotetezedwa ya Kasungu, kumadzulo kwa boma lathu, oimba ndi ochuluka kuposa kumudzi. Kumeneko nang'omba amaguguda ngati ng'oma kukamacha, fisi akubwerera kogona. Nang'omba amaikira mazira m'mphako za mitengo ikuluikulu, ndipo kwathu kuno mitengo yotere yambiri inathera ku zigafa ndi nkhuni zowotchera fodya. Funsani agogo ngati ankamumva ali ana.

Loweruka likubwerali dzukani tambala woyamba akangolira. Tengani kope ndi pensulo, mulembe chilichonse chimene mwamva, motsatana, mpaka dzuwa lituluke. Chimene simukuchidziwa dzina, chitsanzireni kwa agogo, akuuzani.