Mankhwala Ochokera M'nthaka: Amachiza Komanso Amagonthetsa

M'chaka cha 1943, Albert Schatz, wophunzira za nthaka pa yunivesite ya Rutgers ku America, anapeza streptomycin kuchokera ku tizilombo tokhala m'dothi. Awa ndiwo anali mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu, nthenda imene inapulula anthu ambiri m'migodi ya ku Johannesburg, kuphatikizapo Amalawi opita pa Wenela. Pambuyo pake kunabwera kanamycin, gentamicin ndi amikacin, onse a m'banja la aminoglycoside.

Komatu mankhwalawa amatha kuononga impso ndi makutu. Impso kawirikawiri zimachira, koma munthu akagontha, wagontheratu. N'chifukwa chake namwino amayeza kulemera kwa wodwala asanam'baye, amayang'anira mkodzo ndi zotsatira za magazi, ndiponso amafunsa ngati akumva chizungulire kapena kulira kwa m'makutu. Okalamba ndi amayi oyembekezera amafuna chisamaliro chapadera. Poona kuchuluka kwa ogontha, mu 2018 boma la South Africa linaleka kubaya kanamycin odwala chifuwa chosamva mankhwala, n'kuyamba kuwapatsa mapiritsi a bedaquiline.

Nkhaniyi ikukhudzanso alimi, pakuti streptomycin wosakaniza ndi penicillin amabayidwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Mankhwalawa amakhalitsa mu impso za chiweto, ndipo kubaya mwachisawawa kumachulukitsa tizilombo tosamva mankhwala. Choncho funsani mlangizi wa ziweto musanabaye, ndipo dikirani masiku olembedwa pa botolo musanagulitse mkaka kapena nyama.