Mleme wa pansi pa malata

Mukafika pa mvekero wa ml, yambani ndi liwu lakuti mleme. Ana amaudziwa bwino, popeza m'masukulu ambiri mileme imagona pansi pa malata a kalasi momwemo.

Kawirikawiri imeneyi ndi mileme ya mcira wotulukira. Mcira wake umapitirira cikopa columikiza miyendo yakumbuyo, n'kulendewera ngati wa mbewa. Mtundu umenewu umapezeka kumadera ofunda a Afirika, Asia, Australia ndi America, ngakhalenso kum'mwera kwa Ulaya. Mapiko ake ndi aatali ndi oonda, motero imauluka mwaliwiro, m'mwamba kwambiri, ikugwira tizilombo touluka usiku.

Ana ena adzati mleme ndi mbalame. Musawatsutse msanga. Afunseni ngati anaonapo nthenga kapena dzira lake, kenaka auzeni kuti uli ndi ubweya, umabala mwana ndi kumuyamwitsa.

Musaisokoneze ndi mileme ikuluikulu yodya masuku imene imasonkhana ku Kasanka kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Ya m'kalasi siidya zipatso, ndiye anyamata asaiphe poganiza kuti ikutha mango. Koma ukagwa pansi, mwana asaugwire ndi manja, cifukwa umaluma ndipo ungampatse matenda.