Kodi dzuwa limalowa bwanji mu babu?

Ananu, kodi munaonapo nyumba yomangidwa ndi zinthu zimene anthu ena anataya kudzala? Ine ndinaiona, ndipo ndinathandiza nawo kuimanga. Ili kuseri kwa nyumba ya amalume anga, moyandikana ndi khola la nkhuku. Ndi kanyumba ka chipinda chimodzi, kakang'ono moti munthu wamkulu akatambasula manja amatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Masana amalume amakonzeramo njinga ndi mawailesi. Usiku ana awo amawerengeramo, popeza m'nyumba yaikulu simutha alendo, komanso utsi wa koloboyi unkawalowa m'maso. Kumudziko sikunafike mapolo a magetsi. Koma dzuwa likangolowa, mudzi wonse uli bii, kanyumbako kamakhala ngwee ngati sitolo ya m'tauni.

Amalume sanayambe ndi kugula. Anayamba ndi kutola. Njerwa anatenga pa khitchini yakale imene inagwa ndi mvula, n'kumazigogoda imodziimodzi kuti matope akale achoke. Malata anapempha kwa mnzawo amene ankafolera nyumba yake ndi atsopano. Chitseko chinali cha kabati yothyoka miyendo, ndipo zenera ndi galasi la minibasi imene inasiya kuyenda kalekale. Ntchito ya ana inali kuwongola misomali. Ankakhala pansi mozungulira mwala wosalala, msomali wokhota ataugoneka pamwalapo, n'kumaumenya ndi hamala pang'onopang'ono, go! go! go! uku akuutembenuza mpaka uwongoke. Pofika madzulo chitini chinali chitadzaza, ndipo palibe msomali ndi umodzi womwe umene unagulidwa.

Malata akale ali ndi vuto limodzi: amakhala ndi zibowo za misomali yoyamba ija. Mukangowakhoma osaona, nthawi ya dzinja mudzagona mutafunda ambulera. Choncho amalume ankaimika lata lililonse moyang'ana dzuwa, mwana mmodzi ataima kuseri kwake. Paliponse pamene pankalowa kuwala, mwanayo ankalembapo ndi khala, ndipo amalume ankamatapo kansalu kothira phula. Mitengo ya bulugama ya padenga anaisanjika pamwamba pa khoma, kutali ndi nthaka, kuti chiswe chisaipeze msanga.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi mabotolo. Pomanga khoma la kum'mawa, amalume ankasiya malo pakati pa njerwa n'kugonekamo mabotolo agalasi, ena obiriwira, ena ofiirira, matako ake atayang'ana kunja. M'mawa dzuwa likamatuluka, pansi ponse pamakhala timadontho ta kuwala kobiriwira, ndipo mwana wamng'ono wa pakhomopo amatiponda ndi kutithamangitsa ngati ziwala.

Padenga palinso botolo lina, la pulasitiki, la malita 2. Theka lake lili kunja, theka lili m'kati, ndipo m'mbali mwake anamata bwino kuti mvula isadonthe. M'botolomo muli madzi oyera ndi Jik pang'ono woletsa ndere kumera. Kuwala kwa dzuwa kukalowa m'madzi kumakhota n'kumwazikira mbali zonse, ndiye chipinda chimawala ngati mwayatsa babu lakale lija la mawati 40 kapena 60. Nzeru imeneyi inachokera ku Brazil. Anaitulukira ndi makaniko wina dzina lake Alfredo Moser, m'tauni ya Uberaba, mu 2002, nthawi imene magetsi ankazimazima kwawoko. Lero mabotolo otere ali pa madenga ambirimbiri ku Philippines ndi m'mayiko ena. Koma botolo la Moser limagona limodzi ndi dzuwa. Usiku silithandiza. Apa ndi pamene sola imalowerera.

Sola ndi batire ndi zokhazo zimene amalume anagula zatsopano. Anasunga ndalama za mtedza zaka ziwiri. Tsiku limene solayo inafika, ana onse a m'mudzi anasonkhana kudzaiona. Mwana wina anaigwira n'kufunsa kuti, "Amalume, nanga injini yake ili pati?" Funso labwino zedi. Sola ilibe injini, ilibe gudumu, silira, situlutsa utsi. Imangokhala phee padenga, koma magetsi akutuluka. Zimatheka bwanji?

Mukaiyang'anitsitsa sola mudzaona timabokosi takuda kapena tabuluu tondandalikana kuseri kwa galasi, tolumikizidwa ndi timizere tonyezimira. Timabokosi timeneti amatipanga ndi chinthu chotchedwa silikoni. Silikoni amachokera ku mchenga ndi miyala yoyera yonyezimira ija mumaiona m'mitsinje. Kufakitale amaisungunula pa moto woopsa, kuiyeretsa kambirimbiri, kenako n'kuidula timapepala topyapyala. M'kati mwa silikoni, monganso m'chinthu chilichonse, muli tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi. Magetsi amene timanenawa ndi maelekitironi akuyenda m'waya.

Taganizani za kalasi yanu. Nonse mwakhala phee pamalo panu. Kenako belu lalira, ngeee! Aliyense wadzambatuka. Kalasiyo ikanakhala yopanda makoma, bwenzi mutabalalikira uku ndi uku. Koma khomo ndi limodzi, ndiye nonse mumathamangira mbali imodzi, mwamzere. Mu sola, kuwala kwa dzuwa ndiye belu. Kukagunda silikoni, maelekitironi amadzidzimuka n'kuchoka pamalo pawo. Opanga sola amasakaniza tinthu tina pang'ono kumtunda kwa kapepala ka silikoni ndi tina tosiyana kunsi kwake, ndipo zimenezi zimachititsa kuti maelekitironi akhale ndi khomo limodzi lokha. Amatulukira m'timizere tonyezimira tija, kulowa m'waya, kudutsa mu babu n'kuliyatsa, kenako n'kubwerera ku sola kudzera pa waya wachiwiri. N'chifukwa chake mawaya amakhala awiri, wofiira ndi wakuda. Mukadula mmodzi, ulendo watha, babu lazima.

Kuwala kumene kumaliza belu limeneli kumachokera kutali, makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kumatenga mphindi 8 zokha kuti kufike padenga la amalume.

Munthu woyamba kuona kuti kuwala kungatulutse magetsi anali mnyamata wa zaka 19 wa ku France, Edmond Becquerel, mu 1839. Panapita zaka zoposa 100 kuti nzeruyo ikhale yothandiza. Mu 1954 akatswiri a ku Bell Labs ku America anapanga sola ya silikoni yoyamba yogwira ntchito bwino, koma pa magawo 100 a mphamvu ya kuwala inkangogwira magawo 6. Masola a masiku ano amagwira magawo pafupifupi 20. Mu 1958 akatswiri ena anaika timasola pa Vanguard 1, kachombo kakang'ono ngati mpira kamene anakaponya m'mlengalenga. Kanasiya kulankhula kalekale, koma mpaka lero kakuzungulirabe dziko lapansi.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale akuluakulu ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti sola imafuna kutentha. Ayi, imafuna kuwala. Ikatentha kwambiri imafooka n'kumatulutsa magetsi ochepa. Choncho amalume sanaigoneke pa malata penipeni, pamene masana a mu Okutobala simungaikepo dzanja. Anaikhazika pa timatabwa tiwiri kuti kunsi kwake kuzipita mphepo.

Anaipendeketsanso pang'ono, nkhope yake kuyang'ana kumpoto. Chifukwa chake n'chakuti dziko la Malawi lili kumwera kwa mzere wongoyerekeza wodula dziko lapansi pakati, wotchedwa ikweta. Miyezi yambiri ya chaka, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, dzuwa lathu silidutsa pamutu penipeni koma chakumpoto. Anzanu okhala ku Britain amachita zosiyana: kwawoko sola imayang'ana kumwera. Kupendekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi n'kutsetsereka. Koma m'chilimwe mvula kulibe, ndipo galasi limachita mbuu. Loweruka lililonse amalume amakwera makwerero m'mamawa, galasi lisanatenthe, n'kulipukuta ndi kansalu kofewa konyowa. Tsiku lina magetsi anachepa popanda chifukwa chooneka. Atakwera anapeza tsamba limodzi la mango litamatirira pa kabokosi kamodzi. Timabokosi tija tinalumikizidwa ngati ana ogwirana manja pamasewera: mmodzi akaima, mzere wonse umachedwa.

Tsono usiku, belu lija litasiya kulira, magetsi amachokera kuti? Amachokera mu batire. Batire ili ngati mtsuko. Masana sola imathiramo, usiku mumatunga. Pakati pa sola ndi batire pali kabokosi kotchedwa kontirola, kamene kamagwira ntchito ya mlonda. Mtsuko ukadzaza kamatseka kuti batire isaonongeke, ndipo ukatsala pang'ono kuuma kamazimitsa mababu. Anthu ena amalumikiza sola ku batire mwachindunji pofuna kupulumutsa ndalama ya kontirola. Ine ndimawamvera chisoni, chifukwa batire yawo sichedwa kufa, ndipo batire ndi yodula kuposa kabokosiko.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Sola ya amalume ndi ya mawati 50. Ikalandira dzuwa lamphamvu kwa maola 5, timachulukitsa 50 ndi 5, tipeza 250. Gawo lina limatayika m'mawaya ndi mu batire, ndiye tinene kuti mumtsuko mwalowa 180. M'kanyumbamo ndi pakhonde muli mababu 3 a LED, lililonse la mawati 5. Akayaka maola 4, ndiye kuti 3 kuchulukitsa ndi 5, kuchulukitsanso ndi 4, zikwana 60. Zotsalazo zimakwanira kutchaja mafoni ndi kuliza wailesi, n'kusiyako zina zodzagwiritsa ntchito tsiku la mitambo. Koma simbi yositira ya magetsi imadya mawati 1,000. Ikanakhala yolumikizidwa pamenepo, bwenzi zonse za tsikulo zitatha m'mphindi pafupifupi 10, malaya asanathe n'komwe. N'chifukwa chake azakhali akusitabe ndi simbi ya makala.

Sola ya amalume ndi kamwana chabe poyerekeza ndi zimene zili ku Salima. Kumeneko kuli munda waukulu wa masola umene unatsegulidwa mu 2021, wotulutsa mamegawati 60. Megawati imodzi ndi mawati 1 miliyoni, kutanthauza kuti pangafunike masola ngati a amalume okwana 1,200,000 kuti afanane nawo. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli munda wina wa mamegawati 20, umene uli ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi. Koma zimene zimachitika m'kati mwa galasi n'zimodzimodzi: kuwala kukugunda silikoni, maelekitironi akuthamangira khomo limodzi.

Mwina mwakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi a pulasitiki ndi zitsulo zotola, atawerenga buku la mu laibulale. Iyenso anayamba ndi kutola ndi kufunsa mafunso.

Koma ndikuchenjezeni, ananu, ndipo apa mumvetsere bwino. Batire si choseweretsa. M'kati mwake muli asidi amene amaotcha khungu ndi kuchititsa khungu akalowa m'maso, komanso muli mtovu umene ndi poizoni, makamaka kwa ana. Musaiphwanye, musaitaye m'munda, ndipo musaike chitsulo chilichonse chokhudza mitu yake iwiri nthawi imodzi, chifukwa imathetheka moto. Amalume anaimangira kabokosi kake kokhala ndi zibowo zopitira mpweya, kutali ndi kandulo ndi mbaula. Potola malata ndi misomali muzivala nsapato, ndipo msomali wadzimbiri ukakubayani, uzani makolo akutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chilonda chotere chimatha kulowetsa kafumbata. Kukwera padenga ndi kulumikiza mawaya ndi ntchito ya akuluakulu.

Ntchito yanu nayi, ndipo siifuna ndalama. Pezani ndodo yowongoka muizike pabwalo poyera. Nthawi ya 12 koloko masana, ikani kamwala pamene pathera chithunzithunzi chake. Chitani chimodzimodzi kamodzi pamwezi, n'kumalemba m'kope kutalika kwake ndi mbali imene chaloza. Mu Juni mudzaona chithunzithunzi chachitali choloza kumwera, umboni wakuti dzuwa lili kumpoto. Chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala chidzafupika mpaka kutsala pang'ono kubisala pansi pa ndodo, ndipo mu Disembala chidzasuzumira kumpoto. Chaka chikadzatha, tengani kopelo mukaonetse aphunzitsi anu ndi makolo anu, ndipo tsiku limene pakhomo panu padzabwere sola, mudzakhale inu owauza mbali yoti iyang'ane.