Chiphaso cha uphunzitsi ku America chimathera pa malire a chigawo

Mphunzitsi amene wagwira ntchito kwa zaka khumi m'sukulu za boma ku Ohio, m'dziko la United States, sangasamukire ku Texas kapena ku California n'kungoyamba kuphunzitsa tsiku lotsatira. Ngakhale kuti sanatuluke m'dziko lake, chiphaso chake chili ndi mphamvu m'chigawo chimene chinachipereka chokha. Akafika kwina ayenera kupempha chilolezo chatsopano, kulipira ndalama, kudinda zala kuti afufuzidwe ngati sanapalamulepo mlandu, ndipo kawirikawiri ayenera kulembanso mayeso. Nkhaniyi yakhala ikudzetsa mtsutso kwa zaka zambiri, makamaka chifukwa sukulu zochuluka zimasowa aphunzitsi a masamu, a sayansi ndi a ana amene ali ndi ulumali.

Kumene mphamvuzi zimachokera

Dziko la United States lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wake ndi makhoti ake. Malamulo aakulu a dzikolo satchula nkhani ya maphunziro, ndipo ndime yachikhumi mwa ndime zimene zinawonjezeredwa ku malamulowo m'chaka cha 1791 imati mphamvu zonse zimene sizinaperekedwe ku boma lalikulu la ku Washington zimatsala m'manja mwa zigawo kapena mwa anthu. Pa chifukwa ichi, nyumba ya malamulo ya chigawo ndiyo imagamula za munthu woyenera kuima pamaso pa ana m'kalasi.

Khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linavomereza mfundo imeneyi kalekale. Pa mlandu wa Dent ndi chigawo cha West Virginia m'chaka cha 1889, oweruza anati chigawo chili ndi ufulu wofuna kuti sing'anga akhale ndi chiphaso asanayambe kuchiza anthu, ndipo mfundoyi imagwiranso ntchito pa ntchito zina zofuna ukatswiri. M'chaka cha 1979, pa mlandu wa Ambach, khotilo linalola chigawo cha New York kumana chiphaso cha uphunzitsi anthu amene sanali nzika ndipo sankafuna kupempha unzika.

Aphungu a chigawo sasanthula okha makalata a ofuna ntchito. Iwo amapereka udindowu ku bungwe lapadera. Ku California kuli Commission on Teacher Credentialing, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1970. Ku Texas kuli State Board for Educator Certification, ya m'chaka cha 1995, pamene ku New York udindowu uli pansi pa Board of Regents. Akuluakulu oyendetsa sukulu za m'mizinda ndi m'maboma ang'onoang'ono ndiwo amalemba aphunzitsi ntchito, koma chiphaso chenichenicho chimachokera kuchigawo.

Izi zikusiyana ndi mmene zinthu zimakhalira kum'mwera kwa Africa, kumene bungwe limodzi limalembetsa aphunzitsi a dziko lonse, monga Teaching Council of Zambia imene inadza ndi lamulo la m'chaka cha 2013, kapena South African Council for Educators ku South Africa. Mphunzitsi wa ku Chipata sasowa chiphaso china akasamutsidwira ku Livingstone. Koma mphunzitsi wakunja wopita ku America amakumana ndi zipata ziwiri: chilolezo cholowera ndi kugwira ntchito m'dzikolo amachipeza ku boma lalikulu, pamene chiphaso chophunzitsira amachipeza kuchigawo chimene akakhale.

Mayeso osiyanasiyana

Zigawo zambiri zimagwiritsa ntchito mayeso a Praxis, amene amakonzedwa ndi bungwe la Educational Testing Service la ku New Jersey. Komabe bungweli silikhazikitsa malikisi okhozera. Chigawo chilichonse chimasankha chokha mapepala amene chikufuna ndi malikisi amene munthu ayenera kupeza, kotero kuti zotsatira zimene zakwanira kwina zingathe kuperewera kwina.

Zigawo zina zikuluzikulu zili ndi mayeso awoawo: TExES ku Texas, FTCE ku Florida, CSET ku California ndi MTEL ku Massachusetts. Pamene mayeso a ku Massachusetts analembedwa koyamba m'chaka cha 1998, anthu 59 mwa anthu 100 alionse analephera, ndipo nkhaniyi inautsa mkangano waukulu pa za luso la aphunzitsi komanso ubwino wa mayesowo.

Palinso zofunika zina zokhudza mbiri ndi anthu a dera. Ku Alaska mphunzitsi amayenera kuchita maphunziro a za chigawocho ndi a zikhalidwe zosiyanasiyana. Ku South Dakota amayenera kuphunzira za mitundu ya eni nthaka a kumeneko, ndipo ku Wyoming amayenera kusonyeza kuti akudziwa malamulo aakulu a dziko ndi a chigawocho. Oikira kumbuyo dongosololi amati mlendo sangaphunzitse bwino ana amene sakudziwa mbiri yawo. Otsutsa amati munthu amene waphunzitsa masamu kwa zaka zambiri sayenera kuyesedwa ngati wongotuluka kumene ku koleji, ndipo ena amangosiya uphunzitsi m'malo moyambanso ulendo wonsewo.

Pamene boma lalikulu limalowererapo

Unduna wa zamaphunziro wa boma lalikulu unakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1979, pa nthawi ya mtsogoleri Jimmy Carter, ndipo lamulo lomwelo linauletsa kulamulira zophunzitsidwa kapena ogwira ntchito m'sukulu. Undunawu sunapatsidwepo mphamvu yopereka ziphaso za aphunzitsi. Njira imene Washington imagwiritsa ntchito ndi ya ndalama: chigawo chofuna thandizo chimayenera kutsata mfundo zimene zabwera ndi thandizolo.

Umu ndi mmene zinakhalira ndi lamulo la No Child Left Behind, limene George W. Bush anasayina mu January 2002. Lamuloli linkafuna kuti mphunzitsi wa phunziro lofunika akhale ndi digiri, chiphaso chokwanira cha chigawo, komanso umboni woti amalidziwa phunziro lake. Ngakhale zinali choncho, tanthauzo la chiphaso chokwanira linatsalabe m'manja mwa zigawo. Mu December 2015, Barack Obama anasayina lamulo la Every Student Succeeds Act, limene linachotsa mfundo imeneyi n'kungofuna kuti aphunzitsi akwaniritse zimene chigawo chawo chimafuna.

Makhoti nawo amaika malire. Mayeso sayenera kusala anthu chifukwa cha mtundu wawo, malinga ndi lamulo la ufulu wa anthu la m'chaka cha 1964. M'chaka cha 2000 khoti la apilo linavomereza mayeso a CBEST a ku California pogamula kuti anali ogwirizana ndi ntchito ya uphunzitsi. Koma ku New York, pa mlandu umene aphunzitsi akuda ndi a mtundu wa Chilatino anayambitsa m'chaka cha 1996, woweruza Kimba Wood anagamula m'chaka cha 2012 kuti mayeso ena otchedwa LAST sanakonzedwe moyenera ndipo ankapondereza magulu amenewa. Chipukuta misozi chinagwera mzinda wa New York monga wolemba ntchito, ndipo chinaposa madola biliyoni imodzi.

Mapangano a pakati pa zigawo

Kwa nthawi yaitali njira yodziwika yothandizira osamuka yakhala pangano la bungwe la NASDTEC, limene limasonkhanitsa akuluakulu oyang'anira ziphaso m'zigawo ndipo linayamba m'chaka cha 1928. Aphunzitsi ambiri amaganiza kuti panganoli limatanthauza kuti chiphaso chimavomerezedwa kulikonse, koma si mmene lilili. Chigawo chilichonse chimangolengeza ziphaso zakunja zimene chingaganizire, ndipo chimakhalabe ndi ufulu wowonjezera mayeso kapena maphunziro. Kawirikawiri wosamukayo amapatsidwa chiphaso chongoyembekezera, choti agwire nacho ntchito kwa kanthawi pamene akumaliza zotsalazo. Bungweli limasunganso mayina a aphunzitsi amene analandidwa ziphaso chifukwa cha khalidwe loipa, kuti asakabisale kuchigawo china.

Pangano lamphamvu kuposa limeneli, lotchedwa Interstate Teacher Mobility Compact, linayamba kukhala ndi mphamvu m'chaka cha 2023 pamene zigawo khumi, kuphatikizapo Colorado, Florida, Kentucky, Oklahoma ndi Utah, zinalisandutsa lamulo. Pansi pa panganoli, mphunzitsi wokhala ndi digiri, amene anamaliza maphunziro ovomerezeka a uphunzitsi ndipo chiphaso chake chilibe chiletso, amayenera kulandira chiphaso chofanana nacho m'chigawo china chimene chili m'panganoli. Komabe limamanga zigawo zokhazo zimene aphungu awo analivomereza, ndipo chigawo chikhoza kutulukamo.

Unduna wa zachitetezo unathandiza pokonza panganoli chifukwa mabanja a asilikali amasamutsidwa pafupipafupi. Pa nkhani ya mabanja amenewa ndi pamene nyumba ya malamulo ya Congress inalowererapo mwachindunji. Mu January 2023, Joe Biden anasayina lamulo lofuna kuti zigawo zilemekeze ziphaso za ntchito za asilikali ndi za akazi kapena amuna awo akasamutsidwa. M'chaka chomwecho khoti la boma lalikulu ku Texas linagamula mokomera mkazi wa msilikali, mlangizi wa ana a sukulu wokhala ndi ziphaso za ku Ohio ndi ku Missouri, amene akuluakulu a zamaphunziro ku Texas anamukana.

Kusowa kwa aphunzitsi kwachititsanso zigawo zina kufewetsa malamulo awo. M'chaka cha 2024 California inagamula kuti digiri ndi umboni wokwanira woti munthu amatha kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, ndipo New Jersey inachotsa mayeso ofanana nawo kuyambira m'chaka cha 2025. Kusintha kumeneku kunachokera ku nyumba za malamulo za zigawo zomwezo, osati ku Washington. Choncho mphunzitsi wofuna kusamuka, kaya akuchokera kuchigawo choyandikana kaya kutsidya la nyanja, ayenera kuyamba wafunsa bungwe la ziphaso la kumene akupita asanasiye ntchito imene ali nayo, pakuti yankho la bungwe limenelo ndilo lingamulowetse m'kalasi.