Kale kadontho kamodzi kankadya tsiku lathunthu

Asanamange doko, fakitale kapena chipatala chachikulu, akatswiri ambiri amayamba ayeserera ntchitoyo pa kompyuta. Amauza makinawo kuti odwala amafika angati pa ola, aliyense amatenga mphindi zingati kwa dokotala, ndipo kompyuta imaonetsa kutalika kwa mzere. Pachingerezi kuyeserera kotereku amati simulation.

Chimodzi mwa ziyankhulo za kompyuta zoyambirira zolembera ntchitoyi ndi Simula. Adachikonza ndi Kristen Nygaard ndi Ole-Johan Dahl ku Norwegian Computing Center, mumzinda wa Oslo m'dziko la Norway, kuyambira m'chaka cha 1962. Awiriwa adalandira mphoto ya Turing ya 2001 ndipo onse adamwalira mu 2002.

Koma masiku amenewo kulemba pulogalamu kunkafuna mtima wautali. Malangizo ankabooledwa pa makadi, mzere umodzi khadi limodzi la malo 80. Wolemba ankapereka mtolo wa makadiwo kwa woyendetsa makina n'kudikira maola angapo, nthawi zina mpaka mawa lake. Akaiwala kadontho kamodzi, makina ankakana pulogalamu yonse ndipo iye ankayamba kusanthula makadi ngati wopeta mpunga.

Zinthu zidaphweka akatswiri atalumikiza pulogalamu yolembera, yomwe amati text editor, ndi chiyankhulocho. Chitsanzo ndi GNU Emacs ya Richard Stallman, yomwe idatuluka mu 1985 ndipo pambuyo pake idaphunzitsidwa kalembedwe ka Simula. Munthu amalemba ndi kuyesa pulogalamu yake osachoka pamalo amodzi. Zolakwika zimandandalikidwa pawindo lina, ndipo akasindikiza batani kachizindikiro kolembera kamalumphira pamzere womwe wavutawo. Zomwe zinkadya tsiku zimatha m'mphindi zochepa.

Komabe cholakwika choopsa ndi chomwe kompyuta siidandaula nacho. Wolemba akaika masekondi pomwe pamafunika mphindi, pulogalamu imayenda bwinobwino n'kutulutsa manambala ooneka okhulupirika. Imanena kuti madokotala awiri akwanira, chipatala n'kumangidwa ndi zipinda ziwiri, odwala n'kumagona pamzere.

Apa mpomwe kulumikizaku kumathandiza kwambiri. Zida zamakono zimalola wolemba kuika chizindikiro pamzere womwe akuukayikira. Pulogalamu ikafika pamenepo imaima ngati wotchi yogwiridwa muvi. Iye amaona nthawi yomwe yakwana m'chipatala choyesereracho, anthu omwe ali pamzere ndi amene ali kwa dokotala, kenaka n'kuiyendetsa mzere umodziumodzi. Akaona wodwala akutuluka kwa dokotala patangotha masekondi 10, amadziwa pomwe pali vuto ndipo amakonza pomwepo.

Chida chimaimitsa wotchi ndi kuloza mzere, koma sichidziwa kuti dokotala sangapime munthu m'masekondi 10. Ndiye chifukwa chake akatswiri osamala amaonetsa zotsatira kwa anamwino ndi ena ogwira ntchito yeniyeniyo njerwa yoyamba isanaikidwe.